Usiku Woyamba ku Tiberias: Zimene Oyenda ku Galileya Ayenela Kudziwa

Abale ndi alongo ambili m'mipingo yathu amalakalaka kuti tsiku lina akaone ndi maso malo amene Ambuye Yesu anayendamo. Ena amasunga ndalama zaka zingapo. Ena ana ao ndiwo amawalipilila, ndipo kwina mpingo wonse umasonkha kuti abusa ndi amai busa apite. Pepala la ulendo likabwela, mzele woyamba umakhala waufupi: kufika ku Tel Aviv, kukwela basi, kukagona ku Tiberias. Tsiku limenelo ndilo lolemetsa pa ulendo wonse, ndipo m'mene munthu walipilila ndi m'menenso adzaonela masiku otsatila. Conco tafuna kufotokoza cimene cimacitika ku thupi, cimene maso amaona pofika, ndi cifukwa cake mzinda umenewu umadabwitsa anthu amene anauzolowela m'Baibulo cabe.

Palibe ndeke yocoka pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka kukatela ku Israel mwacindunji. Magulu ambili amadzela ku Addis Ababa, ena ku Dubai. Kucoka ku Lusaka kufika ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 4, ndipo kucoka kumeneko kufika ku bwalo la Ben Gurion ndi maola ena 4 kapena 5. Mu ndeke simukhala nthawi yaitali kwenikweni. Cimene cimatha mphamvu ndi zapakati: kufika pa bwalo maola atatu ndeke isananyamuke, kuyembekezela ndeke yaciwili pa mpando wouma, kuima pa mizele. Wocokela ku Chipata, Lundazi kapena Petauke aonjezepo tsiku la pa basi mu Great East Road. Mkulu wa mpingo wa zaka 70 akamatsika mu ndeke ku Israel, kawili-kawili amakhala kuti wapitilila maola 30 osagona pa bedi.

Anthu amakonda kukamba kuti kutopaku ndi cifukwa ca kusiyana kwa nthawi, monga zimacitikila opita ku America. Pa ulendo uwu si conco. Israel ali kumpoto kwa ife, osati kum'mawa kapena kumadzulo kwenikweni, ndipo kuyambila kumapeto kwa October kufika kumapeto kwa March nthawi yao ndi yathu n'cimodzimodzi. Miyezi inayo amatitsogolela ndi ola limodzi cabe. Cimene cimavuta ndi tulo tosoweka ndiponso mpweya wa mu ndeke. Mpweyawo ndi wouma kwambili kuposa wa mwezi wa September kwathu kuno, ndipo umamwa madzi m'thupi munthu osadziwa. Kukhala malo amodzi maola ambili kumacititsa magazi kuyenda pang'onopang'ono m'miyendo, ndiye cifukwa cake nsapato zimathina potsika. Kutupa kwa miyendo yonse iwili kumatha mukayendako ndi kugona. Koma mwendo umodzi ukatupa wokha, n'kumawawa ndi kutentha ku katumba, kapena munthu akayamba kubanika, imeneyo si nkhani yodikila kuce. Angakhale magazi oundana mu mtsempha, ndipo wotsogolela gulu auzidwe nthawi yomweyo kuti apeze dokotala. Ambili a ife timapewa kumwa madzi mu ndeke poopa kuvutitsa mnzathu wa pambali podzuka kupita ku cimbudzi. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma apa umadwalitsa. Imwani madzi, dzukani, yendani-yendani. Mankhwala a BP ndi a shuga akhale m'cola ca m'manja, cifukwa sutukesi ikhoza kutsala ku Addis Ababa n'kukupezani patapita masiku awili.

Bwalo la Ben Gurion lili pafupi ndi mzinda wa Lod, umene buku la Macitidwe limaucha Luda, kumene Petro anacilitsa Eneya. Ocepa amakumbukila zimenezi ali pa mzele. Ogwila nchito pa bwalopo amafunsa mafunso ambili: mwabwela kudzacita ciani, mukagona kuti, wakulipililani ndani, mudzabwelela liti. Nthawi zina amapatula munthu mmodzi pa gulu n'kumufunsa payekha. Musacite mantha ndipo musakwiye, yankhani zoona mwacidule, ndipo dzina la hotela likhale lolembedwa pa pepala m'thumba mwanu. Sadinda pasipoti, amapatsa kapepala kakang'ono kokhala ndi cithunzi canu. Kasungeni bwino, cifukwa ku hotela amakafuna.

Kucoka pa bwalo kufika ku Tiberias ndi makilomita pafupifupi 130, maola awili pa basi, monga kucoka ku Lusaka kupita ku Kabwe. Ambili amagona njila yonse, ndipo sitingawadzudzule. Amene ali maso amaona cigwa ca Jezreel ndi phili la Tabor lili lokha ngati mphika wovundikila. Kenako mseu umayamba kutsika, makutu n'kutsekeka monga zinacitikila mu ndeke. Cifukwa cake n'cakuti Nyanja ya Galileya ili m'dzenje. Madzi ake ali mamita pafupifupi 210 kunsi kwa nyanja yamcele, ndipo pa dziko lonse palibe nyanja ina ya madzi osawawa imene ili pansi cotelo. Lusaka ali mamita oposa 1,200 pamwamba. Amene anatsikako ku Luangwa kapena ku Chirundu amadziwa m'mene mpweya wa ku cigwa umalemelela, ndipo ku Tiberias ndi cimodzimodzi. M'miyezi ya July ndi August, pamene ife tavala majuzi, kumeneko kutentha kumafika madigili 37 ndi kupitilila, usiku osazizila. M'miyezi ya December ndi January kumagwa mvula monga kwathu, koma ndi mvula yozizila, ndipo dzuwa limalowa 17 koloko isanakwane. Munthu amaona mdima n'kuganiza kuti ndi usiku kwambili, pamene nthawi ya cakudya ikali kutali.

Cinthu coyamba cimene anthu amakamba akaona nyanjayo ndi cakuti ndi yaing'ono. N'zoonadi. M'litali ndi makilomita 21, m'lifupi 13, ndipo pakuya kwambili ndi mamita 40 ndi pang'ono. Mutaima ku Tiberias mumaona mapili a Golan tsidya linalo bwinobwino, usiku nyali za midzi ya kumeneko zimaoneka. Kariba amaiposa kukula nthawi zoposa 30. Munthu wa ku Siavonga, Samfya kapena Mpulungu akhoza kuseka n'kufunsa kuti asodzi enieni anaopa bwanji namondwe pa madzi ocepa conci. Yankho lili m'dzenje lomwelo. Mpweya wotentha wa pa nyanja umakwela, ndipo wozizila wocokela kumadzulo umatsika mothamanga m'zigwa za pakati pa mapili, makamaka masana. M'nyengo yozizila imabwelanso mphepo ya kum'mawa yocokela ku Golan. Madzi osaya amavunduka msanga, conco nyanja imene inali bata m'mawa ingakhale ndi mafunde aatali m'kanthawi kocepa. Mu 1986, madzi ataphwa cifukwa ca cilala, asodzi awili apacibale anapeza bwato lakale m'matope pafupi ndi Ginosar, la m'nthawi ya Ambuye. Ndi lalitali mamita 8 ndi pang'ono, m'lifupi mamita 2 ndi pang'ono, ndipo lili m'nyumba yosungilamo zakale kumeneko. Palibe umboni wakuti Yesu anakwelamo. Koma mukaliona, n'kuyelekeza amuna 13 ali m'menemo usiku, nkhani ya pa Marko 4 simudzaiwelenganso mopepuka.

Cinanso codabwitsa ndi mzinda weniweniwo. Amene amayembekezela mudzi wa asodzi ndi maukonde oyanikidwa amapeza mahotela aatali, magalimoto, masitolo a nsapato, ndi nyimbo zaphokoso m'mbali mwa nyanja. Tiberias ndi malo a chuti a anthu a ku Israel, monga ife timapitila ku Siavonga pa Isitala. Mabanja amabwela kudzasambila, acinyamata amakwela maboti othamanga. Taonapo amai ena a cigwilizano atakhala cete pa khomo la hotela, mtima utagwa, poona kuti malo amene anawasungila ndalama zaka zisanu ali ndi malo omwela mowa. Kukhumudwa kumeneku kumacepa munthu akadziwa mbili ya mzindawu.

Tiberias sunakhalepo mudzi wa ophunzila a Yesu. Anaumanga ndi Herode Antipas, yemwe uja anadula mutu Yohane Mbatizi, ca m'ma 20 AD, n'kuupatsa dzina la Kaisara Tiberiyo pofuna kumukondweletsa. Unali likulu la boma, ndi nyumba yacifumu ndi bwalo la maseŵela. Wolemba mbili waciyuda Josephus anakamba kuti pomanga anagumula manda akale, motelo Ayuda osunga cilamulo ankaukana kuti ndi wodetsedwa, mpaka Herode anacita kukakamiza anthu ndi kupatsa osauka nyumba kuti akhalemo. Mauthenga Abwino onse anai sakamba paliponse kuti Yesu analowamo. Yohane yekha ndiye amachula dzinali, katatu: kawili monga dzina la nyanja, pa 6:1 ndi pa 21:1, ndipo kamodzi pa 6:23 pokamba za ngalawa zimene zinacokela kumeneko. Nchito ya Ambuye inali kumpoto, ku Kapernao, ku Betsaida, ku Korazini, midzi ya anthu wamba. Conco mukagona ku Tiberias mwagona mu mzinda wa Herode, ndipo phokoso lake ndi loyenela mbili yake. Magulu amagona kumeneko cifukwa ndiko kuli mahotela, ndipo Kapernao ali pa makilomita 16 cabe.

Koma tisaunyoze mzindawu, cifukwa aliyense wa ife amene ali ndi Baibulo ali nao ngongole. Yerusalemu ataonongedwa mu 70 AD, aphunzitsi aciyuda anasamukila ku Galileya, ndipo m'kupita kwa nthawi Tiberias unasanduka likulu la maphunzilo ao. Cihebri cakale cinali kulembedwa popanda mavawelo. Tayelekezani mau olembedwa kuti "mt": kodi ndi mutu, moto, kapena mate? Woŵelenga anali kudalila cimene anamva kwa aphunzitsi ake. Alembi ochedwa Amasorete, makamaka a banja la Ben Asher, anakonza timadontho ndi timizele toika pansi ndi pamwamba pa zilembo kuti kachulidwe kasasoceletsedwe, ndipo anali kuŵelenga mau ndi zilembo za buku lililonse poopa kuti wokopela angadumphe kanthu. Nchito imeneyi inafika pacimake ku Tiberias ca m'ma 900 AD. Malemba ao ndiwo maziko a Cipangano Cakale m'Mabaibulo a mipingo yathu, kuphatikizapo a Cinyanja. Salimo limene munaŵelenga pa malilo sabata yatha linadzela m'manja mwa alembi a mu mzinda uno wa mahotela. Kwa Ayuda Tiberias ndi umodzi wa mizinda yao inai yopatulika, ndipo manda a Maimonides, mphunzitsi wao wamkulu amene anamwalila mu 1204, ali m'kati mwa tauni.

Palinso cina cotikhudza. Mu 1885 dokotala wacinyamata wa ku Scotland, David Torrance, anayamba nchito ya cipatala ku Tiberias, wotumidwa ndi Free Church of Scotland. Mpingo womwewo ndiwo unayambitsa mishoni ya Livingstonia, imene nthambi zake zinafika ku Mwenzo, Lubwa, Chitambo ndi Chasefu. Nyumba za cipatala cija, zomangidwa ndi miyala yakuda ya m'delalo, zikalipo. Lelo ndi hotela ya Church of Scotland, ndipo pafupi pali kachalichi ka St Andrew. A UCZ ndi a CCAP akadutsapo adziwe kuti ndi kwa acibale.

Tsopano za m'hotela. Mukafika pa Cisanu madzulo mudzapeza Sabata layamba, cifukwa limayamba dzuwa likamalowa ndipo limatha pa Ciwelu mdima ukagwa. Masitolo ambili amatseka, mabasi a onse sayenda, ndipo posinthila ndalama pamakhala potseka. N'cifukwa cake ndi bwino kusintha madola ocepa kukhala mashekele pa bwalo la ndeke. Kwacha yathu kumeneko palibe amene angailandile. M'hotela mudzapeza lifiti imodzi ikuima pa nsanjika iliyonse yokha, citseko n'kutseguka popanda woitana. Sinaonongeke. Anaikonza conco kuti Myuda wosunga Sabata asakanize batani. Wotopa afunse lifiti inayo.

Cakudya naco cili ndi malamulo. Mahotela ambili amatsata mwambo waciyuda wosasakaniza nyama ndi za mkaka, motelo madzulo mukadya nyama simupeza batala kapena mkaka weniweni wa mu tiyi. M'mawa ndi mosemphana: pali mkaka, chizi, mazila, nsomba, ndi matimati ndi nkhaka zosaphika, koma soseji mulibe. Nsima kulibe, ndipo ife tidziwa kuti kwa ena tsiku lopanda nsima ndi tsiku logona ndi njala ngakhale mbale itadzala. Pali mpunga, mbatatisi ndi buledi wokwanila. Odwala shuga asadumphe cakudya ca usiku woyamba cifukwa ca kutopa, makamaka ngati amwa kale mankhwala. Madzi a pa mpope ndi abwino kumwa.

Tsiku lina adzakupatsani nsomba imene amaicha ya Petro Woyela, pa mtengo umene ungakudzidzimutseni. Ikafika pa tebulo mudzaizindikila: ndi mtundu wa bulimu, m'bale wake wa ija ya ku Kariba ndi ku Kafue, ndipo zambili zimene amagulitsa m'malesitilanti n'zoŵetedwa m'madamu. Amaigwilizanitsa ndi nkhani ya ndalama m'kamwa mwa nsomba pa Mateyu 17, ngakhale odziwa za usodzi wa kumeneko amati nsomba imeneyi imadya tuzomela twa m'madzi ndipo sikonda mbedza, conco ya Petro iyenela kuti inali ya mtundu wina. M'nyanjamo mulinso tunsomba tung'onotung'ono tonga kapenta, tumene anthu a ku Magadala anali kuika mcele n'kutumiza kutali. Tunsomba tuŵili twa mnyamata uja wa mikate isanu tiyenela kuti tunali totelo, kamba wa munthu wosauka. Mulinso milamba. Ife timaikonda, koma kwa Myuda nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa malinga ndi Levitiko 11, ndipo apa m'pamene fanizo la khoka pa Mateyu 13 limamveka: asodzi atakhala pa gombe kusankha zabwino ndi kutaya zina, zina mwa zotayidwazo zinali milamba yonenepa.

Pali nkhani ziŵili zimene tipempha magulu akambilane asananyamuke, cifukwa zikabuka anthu ali otopa zimagawanitsa. Yoyamba ndi ubatizo. Kumwela kwa nyanja, pamene mtsinje wa Yordano umatulukila, pali malo ochedwa Yardenit, kumene alendo amavala mikanjo yoyela n'kumizidwa. Malowo anatsegulidwa mu 1981 kuti athandize alendo. Kumene Yohane anali kubatiza ndi kutali kumwela, kufupi ndi Yeriko. Mipingo yambili ya m'bungwe lathu imaphunzitsa kuti ubatizo ndi umodzi, ndipo amene anabatizidwa ku Madzimoyo kapena ku Matero ndi madzi a pa citsime anabatizidwa mokwanila. Madzi a Yordano saonjezela kanthu. Kuloŵa m'madzi, kupemphela, ndi kukumbukila malonjezo a ubatizo wanu n'kwabwino. Koma abusa amene atsogolela gulu akambe poyela kuti cimene cidzacitike ndi ciani, kuti wina asabwelele kwao akuganiza kuti tsopano ndi Mkhristu woposa anzake. Yaciŵili ndi malonda a tumabotolo twa madzi, mafuta ndi dothi. Kugula monga cikumbutso palibe colakwa. Cimene timakana ndi kubwela nato kuno n'kumagulitsa kwa odwala ngati mankhwala. Mai wamasiye amene wapeleka ndalama ya unga pa kabotolo ka madzi a mumtsinje wabeledwa, ngakhale wogulitsayo atavala kolala.

Sitingaleke kukamba za nkhondo. Kuyambila mu October 2023 maulendo ambili anaimitsidwa, makampani a ndeke anali kuleka ndi kuyambanso, ndipo kumpoto kwa Galileya kunagwa mizinga yocokela ku Lebanon. Gulu lisapeleke ndalama zonse kwa wokonza ulendo popanda pepala lofotokoza cimene cidzacitike ulendo ukalepheleka, ndipo inshuwalansi iŵelengedwe bwino, cifukwa zambili sizilipila za nkhondo. Mukafika, funsani pa hotela kumene kuli cipinda cothaŵilako. Kumbukilaninso kuti dzikolo lili ndi anthu ake amene ali ndi zilonda. Tiberias unali mzinda wa Ayuda ndi Aarabu pamodzi kufika mu April 1948, pamene Aarabu onse anacokamo pa nkhondo. Woyendetsa basi yanu kapena wokupatsani cakudya angakhale Myuda, Msilamu, kapena Mkhristu waciarabu wa ku Nazarete, amene makolo ake anali kupembedza Khristu zaka mazana ambili uthenga usanafike ku Zambia. Ambili a ife timapita kukaona miyala ya machalichi akale n'kubwelela osapatsa moni Mkhristu wamoyo ngakhale mmodzi. Wokonza pulogilamu angathe kuikapo Sondo imodzi yopemphela ndi mpingo wa kumeneko, ngati gulu lapempha.

Za usiku woyambawo, uphungu wathu ndi wakuti mapemphelo akhale aafupi. Tidziwa kuti mtima umafuna kuimba mpaka pakati pa usiku, koma basi ya m'mawa imanyamuka 8 koloko isanakwane, ndipo tsikulo limakhala ndi Phili la Madalitso, Tabgha, Kapernao ndi ulendo wa pa boti. Mukafika masana, musagone maola ambili. Sambani, yendani pang'ono m'mbali mwa nyanja kuti miyendo imasuke, idyani, mugone 21 koloko. Konzelanitu zovala zophimba mapewa ndi maondo, cifukwa pa zipata za machalichi amabweza ovala zazifupi, amuna ndi akazi omwe. Citenge cimathandiza pa zonsezi, ndi pa dzuwa pomwe. Ikaninso botolo la madzi ndi cipewa m'cola. Tiberias ali kumadzulo kwa nyanja, conco dzuwa limatulukila tsidya linalo pamwamba pa mapili a Golan, moyang'anana ndi mawindo a hotela: m'mwezi wa April ca m'ma 6 koloko, m'mwezi wa December ca m'ma 6:30. Wofuna kuŵelenga Yohane 21 pa gombe kusanakhale phokoso achele alamu mphindi 30 nthawiyo isanakwane, ndipo auze mnzake wa m'cipinda kumene wapita.